Chitsime cha Palafini

Amuna anga anali ndi mphuno yovuta. Ndikamachokera ku doko ndi dengu la usipa, iwo ankadziwiratu ali m'nyumba kuti nsombazo zinagonera m'bwato. Ndikaphikira nkhuni za mtengo wonunkha, ankazimva pa ndiwo. Ine ndinkawaseka kuti Mulungu ankafuna kulenga galu, kenaka anasintha maganizo atamaliza kale mphuno. Iwo ankangomwetulira, chifukwa sanali munthu wobweza mawu. Wapakamwa m'banja mwathu ndinali ine, ndipo mudzi wonse unkadziwa zimenezo.

Kwawo kunali kumtunda, cha ku Chitala, kwa alimi a chimanga. Kwathu ku Chipoka anabwera kutsata ntchito, nandipeza, namanga nyumba pa malo a amayi anga monga achitira mkamwini aliyense. Ankagwira ntchito pa depoti ya mafuta, kuseri kwa njanji, pamene panali mathanki oti ukaima patsinde n'kuyang'ana m'mwamba, duku limagwa. Mafuta ankabwera pa sitima ya pamadzi, n'kusungidwa m'menemo, kenaka n'kumatengedwa ndi malole ndi sitima ya pamtunda. Wopima mafutawo anali amuna anga.

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanatenthe, ankakwera makwerero ozungulira thanki, n'kutsegula kachivundikiro ka pamwamba, n'kutsitsa tepi yachitsulo yokhala ndi kachitsulo kolemera kunsonga. Kakagunda pansi ankakoka tepiyo n'kuona pamene mafuta anyowetsa. Kunsongako ankapaka mankhwala onga phala, amene ankafiira akakhudza madzi, kuti adziwe ngati pansi pa mafuta palowa madzi. Ankandiuza kuti mafuta amatupa masana n'kuphwa m'mawa, choncho wopima masana thanki imam'namiza. Makiyi a mipope ankayenda nawo m'thumba, ndipo m'mudzi mwathu monse munthu wolowa mkati mwa waya wa depoti anali iwo okha.

Zinali zaka zija nkhondo ya kutsidya kwa malire itatseka njanji yopita ku nyanja yamchere. Palafini anasowa. Ukamva kuti wafika pa golosale, unkathamanga ndi botolo, n'kuima pamzere, n'kuonetsa khadi la chipani kwa achinyamata oima pakhomo, ndipo nthawi zambiri unkafika kutsogolo atatha. Tinkadya mgonero kukadali kowala. Mwana akadwala mdima utagwa, tinkayatsa muuni wa udzu. Zonsezi mathanki ali poteropo, odzaza, tikuwaona ndi maso.

Thanki ya palafini inali ya kumapeto, pafupi ndi waya. Kumunsi kwake kunali munda wa chinangwa wa achemwali anga, ndipo ukadutsa mundawo unkafika pa chitsime chimene mudzi wathu unkamwa.

Tsiku lina amuna anga anabwera kuchokera ku ntchito, nasamba m'manja, koma chakudya ankangochiyang'ana.

"Kodi mwadwala, bambo a mwana?" ndinawafunsa.

"Thanki ya kumapeto ikutsika," anatero.

"Nanga si yosungira zogulitsa? Mumati izikwera?"

"Ndinatseka mipope yonse, ndinamanga ndi waya. Ndinapima dzulo, ndapimanso lero. Palibe amene watunga, koma yatsika."

Anandionetsa pa chala chawo mmene yatsikira, kadanga kosakwana n'chikhadabo chomwe. Ndinaseka. Iwo anati ndisaseke, chifukwa pa thanki yotakata chonchija kadanga kameneko ndi migolo ya palafini, ndipo palafini sauluka ngati mbalame. Kwinakwake akupita.

Kuyambira pamenepo anayamba kusaka. Ankasungunula sopo m'ndowa n'kupaka thovu pa misoko ya chitsulo ndi pa mfundo za mipope, n'kumayang'anitsitsa ngati pena pachite zachilendo. Sanapeze kanthu. Anandifotokozera kuti thanki ikaboola m'mbali sivuta, umaona ndi maso. Chovuta ndi pansi, chifukwa inakhazikidwa pa mchenga, ndipo kuti uone pansi pake uyenera kuikhuthula yonse, kuitsuka, n'kulowamo ndi tochi. Pokhala sakanatha kutero okha, anatenga kachitsulo konga mkondo, n'kumabaya dothi kuzungulira tsinde la thanki, n'kumanunkhiza kunsonga. Mbali ya kumtunda kunkangomveka dothi. Mbali yoyang'ana kumudzi kwathu kunkamveka palafini. Kapinga wa mbali imeneyo anali atayamba kufota, ndipo nyerere zinali zitasamuka.

Masiku omwewo kunamveka kuti kubwera akuluakulu kudzayendera doko. Amene anakhalako nthawi imeneyo akudziwa mmene tinkachitira: miyala ya m'mbali mwa msewu, mitengo mpaka m'chiuno, chilichonse chosayenda tinkachipaka laimu. Ku depoti anapakanso simenti yozungulira tsinde la mathanki. Kutacha, pa laimu woyera uja, mbali yoyang'ana kwathu, panatuluka banga lachikasu lonyowa, lotambalala ngati lichero. Amuna anga anakaitana bwana wa depoti.

Bwanayo anali munthu wa ku tauni, wa mawu ofatsa. Sindinganene kuti anali woipa mtima. Anali wamantha, ngati tonsefe, koma iye anali ndi zambiri zoti ataye. Anayang'ana bangalo, nayang'ana uku ndi uku.

"Pakaninso laimu," anatero.

"Bwana, laimu satseka chiboo."

"Mathanki awa anadzatsegula ndi akuluakulu, amayi anavina pano mpaka fumbi kobo. Iwe ukufuna ine ndikanene ku likulu kuti akudontha? Ukudziwa dzina limene amam'patsa munthu wonena kuti chitukuko chaboola?"

Amuna anga anapakanso laimu. Banga linatulukanso. Tsiku la alendo anaikapo maluwa a m'zitini.

Kumudzi, woyamba kuona anali achemwali anga, amene ankalawirira ku chitsime kuposa wina aliyense. Pamwamba pa madzi panali mitundu yonyezimira yonga ya pakhosi pa nkhunda. Tiyi anayamba kumveka zachilendo, ana n'kumalavula madzi. Tinatukwana, n'kusamukira ku chitsime china cha kumunsi, pansi pa mitengo ya bulugama. Chakalecho tikanachiiwala pakanapanda nzeru za achemwali. Iwo anali mayi wosataya kanthu, woti ngakhale mamba a nsomba ankawapezera ntchito. M'mawa wina anayala chitenje chakutha pamwamba pa madzi aja, nachifinyira m'beseni, nadikira kuti zidikhe, nawengula za pamwamba ndi supuni. Anathira m'koloboyi, kanyali kathu ka chitini kaja, nayatsa. Kanathetheka pang'ono, kenaka kanayaka bwinobwino.

Nkhani yotere sigona. Posakhalitsa amayi onse tinali pa chitsime chakale ndi nsanza zathu, kudikirana ngati pa chigayo. Ukawengula lero, mawa unkapeza wadzazanso. A kumpingo kwathu ankati Mulungu amadyetsa ana ake m'njira zake. Anzathu achisilamu a kumunsi kwa mudzi ankati ndi riziki, mphatso yochokera kwa Mulungu. Madzulo nyumba iliyonse inkawala, ana n'kumawerenga za kusukulu, ndipo asodzi ena anayamba kutengako za nyali zawo za m'bwato.

Nanenso ndinatunga botolo langa, bwanji ndisatunge? Ndinalikulunga m'chitenje, koma ndisanaponde n'pakhonde pomwe, mphuno ija inali italimva kale.

"Mwatenga kuti, mayi a mwana?"

Ndinawauza. Anadzuka, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akukweza mawu chikwatiranireni.

"Katayeni!"

"Nditaye? Mudzi wonse ukuwala, ndiye ife, amene inuyo mumakwera pa thanki penipeni, tizikhala mumdima ngati akadzidzi?"

"Palafini ameneyo ali ndi mwini wake. Tsiku lomufunsa adzayambira pa ine."

Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, zoti anthu a kumtunda anazolowera mdima, zoti ndinakwatiwa ndi mlonda wa chuma cha eni. Koma botolo ndinakapatsa achemwali, ndipo m'nyumba mwathu simunayakenso nyali. Amuna anga anati ndiwaperekeze ku chitsimeko. Anagwada m'mphepete, nanunkhiza, nayang'ana kumtunda kumene thanki inkaonekera pamwamba pa chinangwa. Nkhope yawo inamasuka ngati ya munthu amene wapeza mbuzi yosokera. Anati tsopano bwana sangakanenso, chifukwa chitsime sungachipake laimu.

Koma chitsime sichinali chawo. Mkamwini saitanira alendo pa malo a eni, choncho anapita kwa atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amene ankayang'anira mbumba yathu. Ine ndinakhala chapatali ndikumvetsera. Anafotokoza mwaulemu, atavula chipewa, kuti akufuna kubweretsa bwana adzaone madziwo.

Atsibweni anafwenthera fodya, nati, "Mukabweretsa bwana, bwana abweretsa apolisi. Apolisi afunsa kuti watunga ndani. Nyumba iliyonse muno muli botolo. Mbumba yanga yonse ikalowe m'ndende chifukwa cha thanki yanu?"

"Ndiye auzeni asiye kutunga, atsibweni. Mabotolo akatha, ndidzamuitane."

"Tamvani, bambo. Tinakulandirani bwino pano. Koma mkamwini asamakule mwendo."

Amuna anga anavala chipewa chawo n'kubwerera. Anadikira, poganiza kuti anthu asiya. Palibe anasiya. Ndani angasiye kuwala n'kubwerera mumdima chifukwa cha nkhawa za mkamwini?

Pamenepo n'kuti maso a anthu ena ataona kale. Achinyamata a chipani oima pa golosale anazindikira kuti amayi a mudzi wathu sakubweranso pamzere wa palafini. Okwera sitima yamadzulo ankaona midzi yonse ili bii, wathu wokha uli ngwee. Ndipo ku likulu la kampani atafunsa kuti palafini wa m'thanki ya kumapeto akupita kuti, bwana uja anali ndi mayankho awiri: lina loti chitukuko chaboola, lina loti pali mudzi wowala ndi munthu mmodzi wa makiyi amene amagona m'mudzimo. Anasankha limene likanamusiya pa ntchito.

Apolisi anawatenga amuna anga m'mawa, akutsika pa makwerero, tepi ili m'manja. Ine ndinamva ndili pa thandala ndikutembenuza usipa. Pofika kunyumba ndinapeza apolisi ndi wapampando wa chipani wa dera lathu atakhuthula kale zonse, mphasa, madengu, mpaka mtsuko wa ufa. Anapeza koloboyi wathu wouma, kangaude atamangamo ukonde.

"Mwaonatu!" ndinakuwa. "Nyumba yokhayo yamdima m'mudzi muno ndi ino!"

Wapampando anatembenuza koloboyiyo m'manja, namwetulira. "Wakuba wochenjera sayatsa m'nyumba mwake, mayi."

Akanati ndi kuba chabe, bwenzi kuli khoti, bwenzi kuli chigamulo chodziwika kutha kwake. Koma anati ndi kusokoneza chitukuko pa nthawi yovuta, ndipo mlandu wa dzina limeneli sunkapita kukhoti. Munthu ankangosowa.

Ndinakwera sitima kupita ku boma ku Salima, mwana ali kumsana. Ndinakhala pakhomo pa polisi kuyambira m'mawa mpaka wapolisi wina wachikulire atatopa nane, nandilowetsa kanthawi kochepa. Diso limodzi la amuna anga linali litatsekeka ndi kutupa. Koma analankhula ngati munthu amene ali ndi nkhani yabwino.

"Ndawauza za chitsime. Akuti kubwera katswiri wa mathanki kuchokera ku kampani. Akangoona madzi aja, nkhani yatha, ndibwera. Muchisamale chitsimecho, mayi a mwana. Mboni yanga ndi yomweyo."

Sitima yobwerera inali itapita, ndiye ndinagona kwa mayi wina wa kumpingo. Sindinadziwe kuti nkhani ya katswiriyo inali itanditsogolera kale pa njinga, kuchokera pakamwa pa wapolisi kupita kwa wapampando, kuchokera kwa wapampando kupita kwa atsibweni.

Nditatsika sitima tsiku linzakelo, sindinalowe n'kunyumba komwe. Ndinalunjika ku chitsime. Ndinadutsa munda wa achemwali, ndipo munda sunathe pamene unkathera. Panalibe chitsime. Panali mizere yatsopano, yolimidwa bwino, mitengo ya chinangwa itabayidwa kale. Kanjira kochokera ku nyanja kanali koyera ndi mchenga wotayikira. Abale anga, amene ndinayamwa nawo bere limodzi ndi amene ndinavinidwa nawo, anali atasenza mchenga pamutu tsiku lonse kukwirira mboni ya amuna anga. Mabotolo anali atawaponya pakati pa nyanja.

Achemwali ndinawapeza akutsuka mbale. Sanandizembe.

"Tikanatani, mng'ono wanga? Akanationa tonse ngati akuba. Ana awa akanalera ndani?"

"Nanga wanga alera ndani?"

"Tilera ife. Si wathu? Mwamuna ndi wopeza, iwe. Ukadali mtsikana, udzapeza wina."

Ndinatola beseni lawo la mbale n'kuliponya pa mwala. Ndinawatchula mayina amene sindingawalembe pano. Ndinawakumbutsa kuti anayamba ndi iwo ndi chitenje chawo chonunkha, kuti ana awo awerenga ndi palafini amene amuna anga akumenyedwera. Iwo anangoyamba kutola mbale zawo mumchenga.

Katswiri uja anabweradi. Anali bambo wa magalasi, wowonda, wonyamula kachikwama ka zipangizo. Ogwira ntchito ku depoti anatiuza kuti anazungulira thanki yonse, kupaka thovu, kugogoda chitsulo ndi kahamala n'kumamvetsera, kupima ndi kupimanso. Ananena zomwe ankanena amuna anga: m'mbali mulibe vuto, koma za pansi sangadziwe popanda kukhuthula. Kukhuthula kunkafuna chilolezo cha akuluakulu, ndipo kuti upemphe chilolezocho unayenera kunena chifukwa. Ndiye anafunsa za chitsime chimene womangidwayo anatchula.

Anatsika kumudzi pamodzi ndi bwana, wapampando ndi wapolisi mmodzi. Mudzi wonse unawatsatira. Anaima pa mizere ya chinangwa ija.

"Chitsime chinalipo, bwana," anatero atsibweni, manja ali pachifuwa. "Chinauma kalekale. Tinakwirira kuopa ana kugweramo."

"Bodza!" Mawuwa anatuluka ndisanawaganize. Ndinatsitsa mwana, n'kutsomphola khasu kwa mayi wina, n'kulumphira pa mzere. Ndinazula chinangwa n'kuyamba kukumba. Pansi pa dothi lakuda lomwe anawaza pamwamba panatuluka mchenga woyera wa ku nyanja, woti ngakhale mlendo akanaona kuti si wa pamenepo. Ndinakumba ngati wogwidwa ndi mizimu, thukuta likulowa m'maso, mpaka dzenje linandifika m'mawondo ndipo mchenga unayamba kutuluka wonyowa. Fungo linakwera. Ndinatapa dzanja lodzaza n'kukalifikitsa pa mphuno pa katswiriyo.

"Nunkhizani, bwana! Inu ndinu ophunzira, nunkhizani!"

Ananunkhiza. Ndinali nditakhala zaka ndi munthu wa mphuno, ndipo ndimadziwa mmene nkhope imachitira ikamva chinthu. Bambo uja anamva. Anatenga mchenga pang'ono n'kuufikisa pakati pa zala.

Pamenepo wapampando anayandikira, nalankhula mofatsa, mawu amodziamodzi, kuti aliyense amve.

"Mayi, tiuzeni bwino, timvetse. Mukunena kuti chitukuko chimene anatipatsa akuluakulu chathira chiphe m'madzi a anthu?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti inde, ndiponso kuti ndiwonjezere zina zokhudza akuluakuluwo. Mawu sanatuluke, chifukwa dzanja la achemwali linali litanditseka kale. Amayi ena anandigwira manja ndi miyendo, nayamba kulira mokuwa ngati pamaliro.

"Pepani mabwana, mukhululukireni!" anatero achemwali. "Mutu unazungulira chitengedwere mwamuna wake. Amayenda akulankhula yekha. Dzulo lomweli waswa mbale zanga. Mwina wathira yekha pamenepa, sitikudziwa."

"Wapenga, wapenga," mudzi wonse unavomera.

Ndinaluma dzanja la achemwali mpaka ndinamva magazi, koma sanandisiye. Katswiri uja anayang'ana wapampando, nayang'ana wapolisi, nayang'ana mwana wanga amene ankalira pansi. Anatulutsa kampango m'thumba n'kupukuta zala zake chimodzichimodzi.

"Mchenga wa ku nyanja umanunkha zambiri," anatero. Ndipo anabwerera ku galimoto.

Ndikudziwa kuti dzanja lija linandipulumutsa. Ndikanamaliza mawu aja, bwenzi mwana wanga atakula wopanda bambo ndi mayi omwe. Ndimadziwa zimenezo, ndipo sindinawakhululukirebe achemwali. Zinthu ziwirizi zakhala mumtima mwanga pamodzi mpaka lero, ndipo palibe chimene chathamangitsa chinzake.

Amuna anga anawasamutsira kum'mwera. Nditapitanso ku boma anandiuza kuti dzina limenelo salidziwa. Ku depoti analemba wopima wina, mnyamata wanzeru zake, amene anaona zomwe zinagwera mnzake. Thanki inkatsikabe, koma tsopano ankati dzuwa la ku nyanja ndi loopsa, limamwa mafuta. Laimu ankapaka kawirikawiri. Chinangwa chodzalidwa pa chitsime chija chinachita chikasu n'kuuma, ndipo palibe ananenapo kanthu. Mudzi unabwerera mumdima ndi pamzere wa pa golosale.

Ine ndikanapita kuti? Malo anali a amayi anga, manda a makolo anga ali pomwepo. Ndinakhala. Ana ankandithawa ponditcha wamisala, ine n'kumati inde, wamisala anaona nkhondo. Pa maliro tinkalira limodzi ndi omwe anasenza mchenga aja. Mwana wanga atadwala chikuku, amene anamusenza kupita naye kuchipatala anali achemwali, chipsera cha mano anga chili pa dzanja. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Saonjezera kuti fupa limathanso kukuima pakhosi.

Patapita mvula zingapo, madzi a chitsime cha kumunsi chija nawonso anayamba kumveka kafungo. Sikanali kamphamvu ngati poyamba, ndipo pamwamba panalibe choti n'kuwengula. Tsiku loyamba amayi tinayang'anana pa chitsimepo, ndowa zili m'manja, ndipo wina anati, "Ndi mizu ya bulugama iyi." Tonse tinati eya, ndi bulugama. Ana akamadandaula m'mimba, tinkati bulugama. Akatuluka zidzolo, bulugama. Nanenso ndinkatero, chifukwa ndinali nditatopa, ndipo pakapita nthawi mphuno imaleka kumva chimene pakamwa pakana.

Amuna anga anabwera masana ena a m'chilimwe, popanda uthenga, popanda wowapepesa. Anangowatsegulira chipata n'kuwauza kuti azipita ndipo asakalankhule zambiri. Ndinawaona akubwera m'kanjira ka ku siteshoni n'kuganiza kuti ndi nkhalamba ina yosokera. Tsitsi linali litayera, mano a kutsogolo kulibe, ndipo ankayenda akuyang'ana pansi. Mwana wawo anabisala kumbuyo kwanga.

Anthu anasonkhana pabwalo pathu monga mwa mwambo. Atsibweni anabwera ndi ndodo yawo, achemwali anabwera, ngakhale wapampando anabwera n'kukhala pa mpando wabwino. Mlendo wochokera kutali sumufunsa nkhani asanamwe madzi. Achemwali anathamanga okha ku chitsime kukatunga ozizira, nathira m'chikho, nandipatsa. Ndinagwada pamaso pa amuna anga n'kuwapatsira ndi manja awiri.

Anakweza chikho. Chisanafike pa milomo, dzanja linaima. Ndinaona mphuno ija ikugwedezeka pang'ono, monga inkachitira ndikabwera ndi usipa wogonera. Zonse anawalanda kumeneko, koma mphuno anawasiyira. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana kumtunda, kumene thanki ya kumapeto inkaonekera pamwamba pa mitengo, tsinde lake lili mbee ndi laimu watsopano.

Onse pabwalo ankayang'ana chikhocho. Ndinkafuna aponye chikhocho pansi. Ndinkafuna anene, pamaso pa atsibweni ndi wapampando, kuti ikudonthabe, kuti ananena zoona, kuti ana akumwa chiphe. Ndinali nditakonzeka kuimirira pambali pawo, ndipo ulendo uno ndikanathyola dzanja la aliyense wofuna kunditseka pakamwa.

"Ndi mizu ya bulugama, alamu," anatero achemwali.

Amuna anga anayang'ana achemwali, nayang'ana wapampando. Kenaka anayang'ana m'chikho.

"Eya," anatero. "Bulugama."

Anamwa madzi onse mpaka dontho lomaliza, napukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, nawomba m'manja kuthokoza. Anthu anapuma, ena n'kuyamba kululutira. Amuna anga anandibwezera chikho ndi manja awiri, osandiyang'ana m'maso, nati madziwo ndi okoma, ndiwapatseko ena.

Tsiku lowatenga sindinalire, ndinatukwana. Tsiku lokwirira chitsime sindinalire, ndinaswa mbale. Koma pamenepo, nditagwada ndi chikho chopanda kanthu m'manja, ndinalira maliro enieni, chifukwa ndinadziwa kuti munthu amene ndinkamudikira uja sanabwere. Amayi anandizungulira n'kumandisisita pamsana, akumati musiyeni, n'chimwemwe.